Pamzere Sitidziwana

Amayi anayamba kundipatsa ulemu chaka chomwe kampani yathu inagulitsidwa. Zinthu ziwirizi zinabwera motsatizana. Ntchito ija ndinaiyamba nditangomaliza sukulu, kutayipa makalata mu ofesi ina m'tauni. Eni ake atsopano atafika anati makompyuta safuna anthu ambiri, ife basi, uyo kunyumba. Koma ntchito imatha, aliyense amadziwa. Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti mayi wondibereka, amene moyo wanga wonse ankandikuwira kuti "iwe!" ali kukhitchini ine ndili kuseri kwa nyumba, tsiku lina m'mawa adzalandira kapu ya tiyi ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi. Kodi kwanu n'kuti?"

Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala, pakuti amayi anali munthu wa nthabwala zouma. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana mofatsa, kudikira yankho.

"Kwathu n'kwanu komwe, Amayi. Ndine mwana wanu woyamba."

"Oho," anatero, n'kuuzira tiyi wawo. "Mwachita bwino kubwera."

Tinkakhala awiri m'mafulati a ku Kabwata, m'mwamba. Ukwati wanga unali utatha kale popanda mwana, atate anali atamwalira, ndipo amayi ndinakawatenga ku Chelstone kumene ankakhala okha, aneba atandiuza kuti miphika ikupserera pamoto mwini wake ali phee panja, osadziwa kuti wateleka. Kuti tidye ndinayamba salaula, zovala zakale zobwera m'mabelo kuchokera kunja, zimene masiku amenewo zinadzaza Lusaka yense. Belo ndinkakagula ku Kamwala, zovala n'kumaziyanika pa waya wa mpanda pansi pa fulati, pamalo pamene ndinkatha kuona chitseko chathu ndikakweza maso.

Ndinkawasambitsa ine. Ndinkawadzoza mafuta, kuwawenga zikhadabo, kuwapesa imvi. Akadzionongera pogona, zofunda ndinkachapa ine, msangamsanga aneba asanaone, kubisira manyazi munthu amene manyaziwo sankawadziwanso. Ndipo pa chilichonse ankandithokoza. Abale, kuthokoza kumapweteka! Bola akanandikalipira monga kale, kuti madzi ndatenthetsa, kuti manja anga ngokhakhala ngati a mwamuna. Koma ayi: "Zikomo mayi, Mulungu akusungeni, muli ndi mtima wabwino." Tsiku lina, ndikuwapukuta mapazi, anandifunsa ngati amayi anga akadali moyo.

Tsopano tamverani za Loweruka. Loweruka lililonse chakumasana pansi pa fulati pankaima galimoto yoyera, n'kutulukamo mng'ono wanga, mzime wa amayi, amene ndinamubereka kumsana ine ndemwe. Iyeyu zinthu zinamuyendera pa nthawi yomwe ife zinkatithawa. Anakwatiwa ndi mwamuna wobweretsa katundu m'malole kuchokera kumwera, malonda atamasuka, ndipo ankakhala ku Kabulonga m'nyumba ya mpanda wautali, ya agalu odya bwino kuposa ine. Ankakwera masitepe nsapato zikulira kho kho kho, m'manja muli maapozi ndi mabisiketi. Asanagogode n'komwe, amayi amene sabata yonse ankangopenya khoma ankadzuka pampando, nkhope yonse mbee, n'kutchula dzina lake. Si dzina lokha ayi. Ankatchula ndi la paubwana lomwe, lija tinkamunena nalo chifukwa chokonda kulira, n'kumalizira ndi chiwongo.

"Mwana wanga wabwera! Wadya iwe? Waonda bwanji chonchi?"

Woondayo mphete inali italowa m'chala chifukwa cha kunenepa. Kenako amayi ankatembenukira kwa ine: "Mayi, tapezani kampando, mwana wangayu akhale."

Mukanandifunsa masiku amenewo, ndikanalumbira nditagwira Baibulo kuti ndinkakondwa mng'ono wanga akabwera. Ndinkadziuza choncho, ndipo ndinkakhulupirira. Anandiululira ndi mneba wanga wa khomo loyang'anizana nalo, mayi wa ku Luapula, wapakamwa posabisa kanthu. Tinakumana pa masitepe Loweruka lina, iye akutsika ndi ndowa, n'kundipatsa moni m'chinenero cha kwawo.

"Ba neba, shani? Abwela lelo a ku Kabulonga, ka?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndiwo zapselela. Masiku onse muphika bwino, koma tsiku la alendo anu fulati yonse inunkha utsi."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Ine ndinamuuza kuti asamale ndowa yake, mphuno aisiye kunyumba. Koma nditalowa ndinapeza kuti pa thireyi ndaika kale kapu yobenthuka pamlomo pamalo a mng'ono wanga, makapu abwino ali chikhalire m'kabati. Sindinaganize n'komwe zochita zimenezo. Dzanja linasankha lokha, ndipo nditakumbukira bwino ndinaona kuti lakhala likusankha kapu yomweyo Loweruka lililonse. Pamenepo ndipo ndinadziwa kuti mwa ine muli mkazi wina wokhala pansi, amene sapita kutchalitchi, ndipo iyeyo anali atapsa mtima kalekale, ine wapamwamba ndikumwetulira n'kumathira tiyi.

Inali nsanje. Sindizungulira ayi. Nsanje yeniyeni, yokhala pakhosi ngati mbatata youma, ya mzimayi wamkulu woyamba imvi kuchitira mwana amene anamuchapira matewera. Amati mlendo ndi mame, ndipo mng'ono wanga analidi mame: dzuwa likapendeka ankayang'ana wotchi, n'kupsompsona amayi pamphumi, kho kho kho kutsika. Ine ndinkatsala ndi nkhalamba yolira pawindo, yofunsa kuti mwana wake apita naye kuti. Maapozi aja mano a amayi sankawatha. Ndinkadya ine, ndikutafuna mokwiya.

Ndinawatengera kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Dokotala wake anali munthu woleza mtima. Anawafunsa amayi kuti lero n'lachingati, iwo anati ndi nthawi yokolola. Anawafunsa dzina la mtsogoleri wa dziko, iwo anatchula wakale uja, n'kuyang'ana kuchitseko ngati wina akumvetsera. Kenako anandilozera ine: "Nanga awa ndani?" Amayi anati ndi mayi wina wachifundo. Dokotala anandikokera pambali.

"Maganizo a munthu ali ndi zapamwamba ndi zapansi," anatero. "Zapamwamba ndi zimene munthu amadziwa kuti akuzidziwa: lero n'liti, uyu ndani, ndadya kapena sindinadye. Matenda a ukalambawa amayambira kumeneko. Koma pansi pali zina zimene munthu amasunga osazindikira kuti wasunga, ndipo zimenezo zimachedwa kutha. Zatsopano zimapita msanga, zakale zimatsala."

Ndinamumva bwino, pakuti belo ndimalidziwa. Ukadula mawaya omangira belo, ogula amayamba kusankha zapamwamba, ndipo zimene zinalowa poyamba zimatsalira pansi. Amayi analidi choncho. Ukawafunsa ngati amadziwa kuimba ankakana, koma Lamlungu nyimbo zikamveka kuchokera kutchalitchi chathu cha anthu a kum'mawa, pakamwa pawo pankatsatira mawu onse osaphonya. Ukawaikira pamiyendo masamba a maungu, amene kuno timati chibwabwa, zala zawo zinkasenda zokha, bwinobwino, maso ali kwina. Ukawafunsa chimene akuchita, ankayang'ana manja awo modabwa ngati ndi a munthu wina.

Koma tili m'minibasi pobwerera, chinthu chinandibaya. Ngati zakale ndizo zimatsala, wakale ndani pakati pa ine ndi uja wa ku Kabulonga? Wachisamba ndine! M'belomo ndinalowa ndine poyamba, mnzangayo anabwera ine ndili kale kusukulu, wodziwa kusinja ndi kuchapa. Ndiye zinatheka bwanji kuti wapamwamba atsale, wapansi asowe? Yankho linali limodzi lokha, ndipo ndinalimeza pomwepo, nditapanikizika pakati pa amayi ndi thumba la makala la munthu wina: si ukalamba umene unasankha. Mtima wawo unasankha kalekale, ukalamba unangovula chitenje chimene chinkabisa. Dokotala ankafuna kunditonthoza, koma anangosonkhezera moto.

Ndinayesa zanga. Ndinkawauza dzina langa powadyetsa, iwo n'kunena kuti ndi dzina labwino. Ndinkawakumbutsa za nyumba ya ku Chelstone, za mtengo wa mapeyala umene ndinagwamo. Tsiku lina ndinatulutsa chithunzi chimene tinajambulitsa kalekale ku Kamwala: amayi atakhala, khanda lili pamiyendo, ine nditaima pambali ndi yunifolomu ya sukulu. Anaika chala pa khandalo n'kulitchula dzina, akumwetulira.

"Nanga uyu?" ndinafunsa, chala changa chili pa kamtsikana koimako.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinati lero ndi lero. Kenako anatembenuza nkhope msanga n'kunena ndi mawu otsika, olimba, "Ameneyo sindimudziwa." Sananene ngati munthu wofufuza m'mutu, ananena ngati munthu wotseka chitseko. Ndinapita kubafa, ndinatsegula mpopi kuti mneba uja asamve, n'kulira ngati wofedwa.

Panalinso kachizolowezi kena kamene ndinkakaona osakasamala. Amayi akaima penapake, kaya pawindo kaya pakhomo la bafa, ankapititsa dzanja lamanja kumbuyo, pamwamba pa chiuno, chikhatho chikuyang'ana kunja, zala zikutseguka ndi kutsekeka. Ndinkayesa msana. Ndinagula mankhwala opaka onunkha aja, ndinkawatikita madzulo alionse, iwo n'kumandithokoza monga mwa masiku onse.

Chimene chinkavuta kwambiri chinali m'mawa. Kukangoyera ankadzuka, kumanga chitenje zolimba, kutenga dengu n'kumalimbana ndi chitseko. "Saladi wafika," ankatero. "Tikachedwa tipeza watha." Saladi ndi mafuta ophikira, ndimo timatchulira kuno. Ine ndinkawauza kuti Amayi, masiku ano saladi ali paliponse, ngakhale pa kantemba, kagolosale ka pakona, chosowa ndi chogulira basi. Sankamva. Iwo anali atabwerera m'masiku a chipani chimodzi, masiku a mizere, pamene sopo, shuga ndi saladi zinkabwera m'masitolo a boma ngati mvula ya chilimwe, ndipo mbiri ikamveka tauni yonse inkathamanga.

Masiku amenewo ndimawadziwa, pakuti wothamanga nawo ndinali ine. Atate ankapita kuntchito m'bandakucha. Khanda lija tinkalisiya lili m'tulo, mneba akumvetsera, ife liwiro kusitolo. Lamulo la pamenepo linali lakuti banja limodzi, botolo limodzi, ndipo panali anyamata a chipani okhala ndi zikwapu oyang'anira mzere. Akazindikira kuti awa ndi mayi ndi mwana wake, mmodzi ankamutulutsa, mwinanso onse awiri. Ndiye amayi anandiphunzitsa lamulo lawo. Tikayandikira sitolo ankandichotsa dzanja n'kunena kuti, "Pamzere sitidziwana. Ine si mayi wako, iwe si mwana wanga. Usandiitane, usandiyang'ane. Tikumana kuseri." Ndinkaima kumbuyo kwawo ngati mwana wa eni, dzuwa likuswa mtengo, akuluakulu akundiponda, mpaka aliyense atalandira lake. Tikakumana kuseri kwa sitolo, pamene ankataya makatoni, amayi ankakulunga mabotolo onse awiri m'chitenje, n'kukhalanso amayi anga.

Zimenezi ndikazikumbukira pa waya wanga wa salaula, nsanje inkakula. Wopondedwa pamzere ndinali ine, wonyambita shuga kunyumba anali uja. Iye anakula osadziwa mzere, anapita kusukulu yogonera komweko, anatuluka n'kupeza dziko lasintha, masitolo adzaza, mwamuna wa malole akumudikira. Ndipo mphotho ya zonsezi, dzina lotsala m'kamwa mwa amayi, inapitanso kwa iye.

Tsiku lina m'mawa ndinatanganidwa ndi makasitomala olimbirana jekete, osakweza maso. Nditakwera m'mwamba ndinapeza chitseko chili pululu, amayi mulibe. Ndinathamanga Kabwata yense ngati wamisala, patapata imodzi itaduka. Anawapeza ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, chakumasana, ku Kamwala. Anali ataima okha kutsogolo kwa sitolo ina imene kale inali ya boma koma tsopano inkagulitsa nsalu, dengu lili m'manja, ataima mowongoka bwino, kudikira kuti afikiridwe. Anthu ankangowalambalala.

Loweruka lotsatira mng'ono wanga sanabweretse maapozi. Anakhala pansi, anaika chikwama pamiyendo.

"Ba sisi, musakwiye. Kuno kuli masitepe, kuli mseu, kuli maminibasi. Kwathu kuli mpanda ndi geti, ndipo ndipeza namwino. Mwatopa, taonani m'mene mwathera."



"Ndiponso inu sakudziwani," anapitiriza. "Kwa iwo n'chimodzimodzi, inu kapena namwino."

Sananene mwachipongwe ayi. Ananena mofatsa, mofuna kundipeputsira katundu, ndipo n'chifukwa chake zinawawa koposa. Mkazi wapansi uja anatuluka yense tsiku limenelo. Ndinamufunsa ngati amadziwa fungo la zofunda za mayi ake. Ndinamufunsa ngati anaonapo msana wa mayi ake chikulire. Ndinamuuza kuti chikondi cha Loweruka n'chosavuta, ngakhale galu wa kwa eni amachitha. Analira. Ndipo amayi anadzuka, anamukumbatira, anamubisa nkhope pachifuwa, n'kundiyang'ana ine ndi maso oyaka.

"Mayi inu, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Mwabwera kudzamuzunza m'nyumba mwanga?"

Ndinavomera kuti apite. Za masitepe ndi mseu mng'ono wanga sankanama, ndipo ine sindikanatha kugulitsa zovala maso ali kumwamba moyo wanga wonse. Tinagwirizana kuti adzawatenge Loweruka linalo. Sabata imeneyo ndinkapempha chinthu chimodzi chokha, ndikuchapa, ndikupinda zitenje zawo m'sutikesi: asatuluke pakhomo panga ali mlendo wanga. Andidziwe kamodzi kokha, kenako apite. Sabata inatha akundithokoza.

Tsikulo ndinawaperekeza, nditakhala kumbuyo kwa galimoto ndi sutikesi. Mng'ono wanga anati tidzere m'tauni, agule matawulo ndi sopo wa amayi m'sitolo yaikulu yatsopano imene anthu a kumwera anali atatsegula mu mseu wa Cairo. Kunali kutha kwa mwezi, anthu ali pikitipikiti. Amayi analowa mwamantha, akuyang'ana mashelefu odzaza mpaka kudenga. Atafika pa saladi anaima. Mabotolo anali ndandanda, aakulu ndi aang'ono. Anayang'ana uku ndi uku, anatenga limodzi n'kulikumbatira pachifuwa.

"Tengani ambiri, Amama, palibe vuto," anatero mng'ono wanga akuseka.

"Shh! Limodzi," anatero amayi. Anakana kuliika m'kangolo kokankha ka m'sitolomo.

Pa kauntala yolipirira mzere unali wautali, wokhotakhota. Mng'ono wanga anatsogola ndi kangolo kake, amayi pambuyo pake, ine pambuyo pa amayi. Anthu ankakankhana, wina anandigunda ndi kangolo pachidendene, ndinapanikizika mpaka chifuwa changa chinagunda msana wa amayi. Maganizo anga anali kutali. Ndinkawerama mutu, ndikukonza m'mtima mawu ena owawa oti ndidzamuuze mng'ono wanga pa geti lake.

Ndinangomva chala changa chafinyidwa.

Ndinayang'ana pansi. Dzanja la amayi linali kumbuyo, pamwamba pa chiuno, monga ankachitira pawindo paja, ndipo chala changa chinali m'kati mwake. Sindinachiikemo ine. Ndikulumbira, ine wapamwamba sindinaone n'komwe dzanjalo likutseguka. Chala chinapita chokha, ndipo chitafinyidwa chinabwezera chokha, kukanda pang'ono m'chikhatho. Pamenepo ndipo zonse zinabwera. Pamzere paja amayi sankatha kucheuka kuti aone ngati sindinakankhidwire kunja, ndiye ankatsegula dzanja kumbuyo, m'kati mwa mpanipani momwe anyamata a zikwapu sakanaona, ine n'kuikamo chala. Iwo akafinya, ndiye kuti ulipo? Ine ndikakanda, ndiye kuti ndilipo. Lamulo la pamzere ndinkalikumbukira bwino lomwe, ndinkalinena pa milandu yanga yonse, koma dzanjali ndinali nditaliiwaliratu. Miyezi yonseyi linkandifunafuna m'nyumba mwanga momwe, ine n'kumalipaka mankhwala a msana.

Amayi sanacheuke. Anapendeketsa mutu pang'ono, maso ali kutsogolo, n'kunong'ona pakona ya mlomo.

"Usandiyang'ane iwe. Watenga lako?"

Iwe. Osati mayi. Pafupi ndi kauntala panali mulu wina wa mabotolo a saladi. Ndinatambasula dzanja lamanzere n'kutengapo limodzi, lamanja lili chigwiridwire.

"Ndatenga," ndinanong'ona, ndikuyang'ana kumbali.

"Tikumana kuseri."

Dzanja linandimasula. Mng'ono wanga analipirira zake pamodzi ndi botolo la amayi. Atafuna kutenga langa ndinakana, ndinalipira ndekha, monga banja lina. Anandiyang'ana modabwa, koma anangoti ndi mkwiyo wanga uja.

Panja, iye ali kalikiliki kulongedza katundu m'galimoto, amayi sanaime. Anayenda mowongoka m'mbali mwa khoma, botolo lili pachifuwa, n'kukhota pakona. Mng'ono wanga anakuwa, "Amama!" Ine ndinati, "Asiye, ndiwatsata ine." Ndinawatsata chapatali, monga ndinaphunzitsidwira.

Kuseri kunali makatoni, lole ikutsitsa katundu, ndi fungo la kabichi wowola. Amayi anaima pamthunzi wa khoma. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Kenako anandiyang'ana ine, m'maso mwenimweni, kopanda ulemu ngakhale pang'ono. Anandilanda botolo, anamasula chitenje chapamwamba, anakulunga onse awiri n'kumanga mfundo. Ananyambita chala chachikulu n'kundipukuta pansi pa diso.

"Ukulira chiyani? Anakuponda?"

"Ayi, Amayi."

"Wachita bwino. Ndiwe wolimba iwe."

Ndinadikira. Dzina langa linali pafupi, ndinkaliona likubwera, milomo yawo inali itatseguka kale. M'mtima ndinkati nenani, Amayi, nenani kamodzi kokha. Iwo anasenza mtolo uja m'khwapa n'kundikankha paphewa.

"Tiye msanga. Mwana ali yekha kunyumba, akadzuka alira."

Ha! Ngakhale kuseri kwa sitolo, ngakhale pansi penipeni pa belo, uja analipo. Ndinaseka misozi ikutsika, amuna otsitsa katundu aja n'kumatiyang'ana. Tinayenda limodzi, phewa ndi phewa, mpaka pakona. Titangotulukira pamene panali anthu ndi mlonda wa sitolo, amayi anataya mtunda pakati pathu. Pofika pagalimoto nkhope yawo inawala, anatchula dzina la mng'ono wanga, la paubwana ndi chiwongo chomwe, kenako anatembenukira kwa ine.

"Zikomo, mayi, pondiperekeza."

Sindidziwa ngati anandiiwaladi, kapena ngati penapake pansi pa mtima wawo ankaona dziko lonse ngati mzere umodzi wautali, wodzaza anyamata a zikwapu, momwe kundidziwa kukanatitayitsa botolo. Kwa dokotala uja sindinabwerereko kukafunsa. Ndinaopa kuti andiuza zoona.

Ku Kabulonga ndinkapita Loweruka, pa minibasi, n'kumagogoda pa geti agalu akuuwa. Mlendo tsopano ndinali ine. Dzina langa sanalitchule mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Mng'ono wanga ankakhala patsogolo pawo pakhonde, atawagwira mawondo, akumva dzina lake likuitanidwa mobwerezabwereza, ndipo nsanje sinandithere, ndisakunamizeni. Ine ndinkaima kumbuyo kwa mpando wa amayi, pafupi kwambiri, pamene mpandowo unali ndi mpata.

"Ba sisi, khalani pansi. Mipando yonseyi?"

"Msana ukundivuta," ndinkatero.

Sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Iye anatenga dzina, anatenga nkhope yowala, anatenga ndi masiku awo otsiriza. Dzanja lija linali langa.